Malata akuda takhoma kale, odita wa EDGE akubwera: titseke siling'i?

A Phiri, kapitawo: Moni amisiri anzanga. Ndithandizeni nzeru Lolemba lisanafike. Tikumanga nyumba zinayi mumpanda umodzi ku Greendale, mumzinda wa Harare. Bwana akufuna satifiketi ya EDGE, yotsimikizira kuti nyumba imapulumutsa magetsi, madzi ndi zipangizo zomangira, chifukwa amene akumubwereka ndalama anaika zimenezo m'mgwirizano. Yoyamba ija ya pa pulani anaipeza kale, yatsala yomaliza imene odita, woyendera ntchito wa EDGE, amabwera kudzaona ndi maso. Tsono pa pulani panali malata oyera, koma bwana atafika kogula anakopeka ndi akuda aja a mtundu wa makala, ndipo nyumba zonse tafolera. Chitseko chagalasi cha pabalaza anachikulitsanso, chinayang'ana kolowera dzuwa. Anyamata a siling'i akubwera Lolemba. Nditseke kapena ndiwaimitse?

Tembo wa sola: Achimwene musavutike. Tiwonjezere mapanelo awiri awiri pa nyumba iliyonse, manambala akwera okha. Sola amaiwerengera mu EDGE.

Mayi Nachisale, ojambula mapulani: A Phiri, aimitseni kaye anyamatawo. A Tembo sakunama, mapanelo amawerengedwa, koma tiyambe ndi mmene chinthuchi chimayendera. EDGE ndi ya IFC, nthambi ya World Bank. Nyumba iyenera kupulumutsa 20 pa 100 iliyonse m'zinthu zitatu poyerekeza ndi nyumba wamba ya kuno: magetsi, madzi, ndi zipangizo zomangira. Chilichonse chimaima pachokha. Mukapambana kwambiri pa magetsi koma madzi n'kupelewera, mwagwa basi. Ndipo satifiketi yomaliza saipereka potengera pulani, amatengera zimene zamangidwadi. Malata akuda aja ndi galasi lalikululo ziyenera kulowetsedwanso mu pulogalamu yawo ya pa intaneti, yomwe ndi yaulere, kuti muone pamene mwaima. Funsani amene anakulembetserani poyamba achite zimenezo lero. Pa pulani munadutsa ndi zingati?

A Phiri, kapitawo: Pa magetsi tinangodutsa pang'ono, amayi. Pa madzi ndi pa zomangira zinali bwino. Nanga tikapenta malatawo akhale oyera?

Madala Mbewe: Ayi mwana wanga, malata opentedwa kufakitale si openta ndi bulashi mwachisawawa. Utoto ukapanda kugwira umasendeka mvula ziwiri zisanathe, ndipo chitsimikizo cha opanga malatawo chikhoza kufera pomwepo. Afunseni kaye iwowo. Ine ndinene za kutentha, chifukwa achinyamata mumathamangira mapanelo. Panelo silichotsa moto m'denga. Okutobala akafika, munthu wokhala m'nyumbamo adzagula makina oziziritsa, ndiye inveta ya a Tembo idzalira usiku wonse.

Pitani m'tauni mukaime patsinde pa Eastgate muyang'ane kumwamba. Muona machumuni ali mndandanda padenga. Nyumba imeneyo anaitsegula mu 1996, wojambula wake ndi Mick Pearce, ndipo nzeru anaitenga pa chulu cha chiswe. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira n'kuupititsa m'konkire, konkireyo n'kusunga kuzizirako mpaka masana, mpweya wotentha n'kumatulukira m'machumuni. Zimatheka chifukwa Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, ndiye ngakhale masana kuotche bwanji, usiku kumazizira ndithu. Makoma anu a njerwa angachite zomwezo pang'ono, bola denga lisamawathire moto kuchokera pamwamba, ndipo mawindo akhale oti munthu angathe kuwasiya otsegula usiku osaopa akuba.

Tembo wa sola: Madala, Eastgate ndi ya anthu a ndalama. Ife tikunena za nyumba ya zipinda zitatu.

Madala Mbewe: Dzuwa ndi lomwelo, mphwanga.

Nabanda wamagetsi: A Phiri, pansi pa malatawo munaika sisalation, chipepala chonyezimira chobweza kutentha chija?

A Phiri, kapitawo: Tinaika, achemwali, koma malo ena yamatirira ku lata.

Nabanda wamagetsi: Pamene yamatirirapo sikugwira ntchito kwenikweni. Nkhope yonyezimirayo imafuna mpata wa mpweya kuti ibweze kutentha, ikagunda lata imangotentha nalo limodzi. Poti kufolera kunatha, chipulumutso chanu chili pamwamba pa siling'i. Yalani insulation ya glass wool, ubweya wagalasi wotchinga kutentha uja, ya mamilimita 100 kapena yoposa pamenepo ngati manambala a mayi Nachisale afuna choncho. Isapanikizidwe, chifukwa chimene chimatchinga kutentha ndi mpweya uli m'katimo. Isasiye mipata m'mphepete mwa makoma, ndipo kachitseko kolowera m'denga nakonso kamatidwe. Anyamata ambiri amayala bwino pakati pamene bwana angasuzumire ndi tochi, kumakona n'kusiya pululu.

Za mbali yanga: mababu olowa m'siling'i akhale a LED, ndipo timabokosi tawo tisakwiriridwe. Mawaya a chitofu ndi a giza adutse pamwamba, asakhale pansi pa insulation, apo ayi amatentha ndipo pafunika waya wokulirapo. Mundiitane ndidzawakweze asanayale.

Mayi Nachisale, ojambula mapulani: Apa ndiye pagona nkhani ya Lolemba. Odita sadzaphwasula siling'i. Chimene sachiona ndi maso amafuna umboni wake: zithunzi zojambulidwa ntchito ili mkati, malisiti, ndi pepala la wopanga losonyeza mtundu ndi mphamvu ya chinthucho. Jambulani mpukutu uliwonse chizindikiro chake chikuoneka. Jambulani tepi yoyezera itaimikidwa mu insulation kuti kukhuthala kuoneke, chipinda ndi chipinda, nyumba zonse zinayi, osati imodzi n'kumati zinazo n'chimodzimodzi. Lisiti ikhale yolembedwa dzina la katunduyo. Ndikudziwa kuti tonse timakonda kukagula ku Mbare kumene mtengo umakambika, koma kapepala kongolembedwa kuti "katundu" ndi ndalama zake sikadzakuthandizani.

Chitseko chija chikundidetsa nkhawa kuposa malata. Kuno dzuwa la Juni ndi Julayi limadutsa chakumpoto, lili chotsika, ndiye windo la kumpoto lokhala ndi khonde lalifupi limalowetsa dzuwa lofunditsa nyumba nthawi yozizira, n'kukhala pamthunzi nthawi yotentha dzuwa likamadutsa pamutu. Kumadzulo n'kwina. Dzuwa la cha m'ma 3 mpaka 5 koloko limabwera chopingasa, limalowa pansi pa khonde lililonse n'kukafika pakati pa balaza. Makatani sathandiza mokwanira chifukwa kutentha kumakhala kutalowa kale. Chofunika ndi chotchinga cha kunja, choimirira: timatabwa kapena tizitsulo totsatizana kutsogolo kwa khonde. Mtengo wamthunzi ndi wabwino kwa wokhalamo, koma musauwerengere pa satifiketi.

Che Saidi wamapaipi: Ndalowa mochedwa, ndinali ku Jumu'a. A Phiri, mwati pa madzi muli bwino. Giza mwagula yanji?

A Phiri, kapitawo: Ya sola, Che Saidi, ya machubu agalasi, malita 150. Yotsika mtengo ija, thanki yake imakhala padenga.

Che Saidi wamapaipi: Ya pulesha yochepa. Nanga mashawa?

A Phiri, kapitawo: Opulumutsa madzi, pa pulani analemba malita 6 pa mphindi.

Che Saidi wamapaipi: Ndimaopa zomwezo. Ziwirizo sizigwirizana. Madzi ongotsika okha amafuna mamita 10 kuti apange pulesha ya bar imodzi. Kuchokera pa thanki ya padenga kufika pa shawa pali mamita awiri kapena atatu, ndiye muli ndi 0.2 kapena 0.3 basi. Shawa yopulumutsa madzi ili ndi kachotchinga m'kati kamene anakapangira madzi amphamvu. Pa pulesha imeneyo izidzangodontha ngati denga la udzu lakale. Choipa china, madzi ozizira anu akuchokera ku pampu ya chitsime ali ndi mphamvu, otentha alibe, ndiye pa mixer, mpopi wosakaniza madzi, ozizirawo azidzakankha otentha kubwerera m'mwamba. Mapeto ake timawadziwa: wokhalamo amatenga pulayala, n'kuzula kachotchingako sabata yoyamba.

Njira zilipo ziwiri. Kusintha magiza akhale a pulesha yambiri, kapena kusiya omwewo n'kuika kapampu kakang'ono pa paipi ya madzi otentha. Ine ndingasankhe yoyamba. Kapampu kamafuna magetsi, ndipo tonse tinaona mmene magetsi ankazimira mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022 madzi atatsika ku damu la Kariba. Muikenso valavu yosakaniza potulukira, chifukwa machubu aja mwezi wotentha amafikitsa madzi pafupi kuwira, mwana akhoza kupsa. Mapaipi a padenga akutidwe, Julayi kuno m'mawa kumagwa chisanu.

Tembo wa sola: Bwanayo angoika giza yamagetsi, ife tiikokere pa inveta, nkhani ithe.

Nabanda wamagetsi: A Tembo, lamulo la 2019 lija, SI 235, limafuna giza ya sola pa nyumba zatsopano. Komanso werengani nokha: kutenthetsa malita 150 kuti akwere ndi madigiri 40 kumadya mayunitsi pafupifupi 7. Batire limene mumagulitsa kwambiri lija ndi la mayunitsi 5. Firiji ndi magetsi a usiku adzadya chiyani?

Tembo wa sola: Chabwino, ndagonja pa giza. Koma ngati mudzafunebe mapanelo, mundisungire mbali ya denga yoyang'ana kumpoto. Che Saidi asaidzaze ndi mathanki awo.

A Phiri, kapitawo: Zikomo nonse. Ndalankhula ndi bwana. Poyamba anakalipa kuti ndikuchedwetsa ntchito, koma nditamuuza kuti satifiketi ikakanika ngongole yake ivuta, anafewa. A siling'i ndawaimitsa mpaka manambala atsopano atuluke. Insulation wavomera, chotchinga cha kumadzulo akuti aone kaye chojambula. Pa magiza wakana, akuti anagula kale ndipo ogulitsa sabweza ndalama.

Che Saidi wamapaipi: Musakangane naye pakamwa. Lumikizani bafa imodzi, mumuitane, mumupatse ndowa ya malita 10 ndi wotchi ya pa foni. Shawa ya malita 6 pa mphindi iyenera kudzaza ndowayo pa masekondi 100. Aime pomwepo mpaka idzadze. Mudzayese otentha paokha, kenako osakaniza.

Mayi Nachisale, ojambula mapulani: A Phiri, nditumizireni muyeso wa chitsekocho ndi kutalika kwa khonde, ndijambule chotchingacho usiku uno. Ndipo mapaketi a mashawa ndi a mipopi anyamata asawatenthe pamodzi ndi zinyalala, malita aja analembedwa pamenepo.