Kodi kuthira sturgeon m'mitsinje kungawononge usodzi wa trout?

Wanthenga analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuwedza nsomba za trout m'mitsinje ya kumpoto kwa Michigan, ku United States, pogwiritsa ntchito nyambo zopanga, zija timamanga tokha ndi nthenga, ubweya ndi ulusi kuti zifanane ndi tizilombo ta m'madzi. Nyengo imene ndimaiyembekezera kwambiri ndi ya kumapeto kwa June, pamene tizilombo tatikulu ta Hexagenia timatuluka m'matope kukada, trout zazikulu n'kuyamba kudyera pamwamba pa madzi mopanda mantha.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi ntchito yothira ana a sturgeon m'mitsinje, imene boma la Michigan likuchita mogwirizana ndi mitundu ya eni nthaka, monga a Little River Band of Ottawa Indians pamtsinje wa Manistee. Sindikukana kuti nsomba imeneyi ibwerere kumene inali kale, koma ndikudziwa kuti imadyera pansi pa madzi, kuti imayamwa mphutsi za tizilombo pamodzi ndi mazira a nsomba zina, ndiponso kuti ikakula imatha kutalika kuposa munthu. Ndiye ndikadzifunsa kuti chinsomba chotere chimadya zochuluka bwanji pa tsiku, ndimaopa kuti mphutsi za Hexagenia zidzachepa, ndipo usodzi wathu umene umadalira tizilomboti udzazilala pang'onopang'ono. Kodi manthawa ali ndi maziko? Ndipo kodi sturgeon ingafukule mazira a trout m'malo amene zimaswanirana? Ndingathokoze kumva kwa amene nkhaniyi akuitsata bwino.

Mlondamadzi analemba kuti:

A Wanthenga, funso lanu ndi lomveka, ndipo zimene mwanena zokhudza chakudya cha sturgeon ndi zoona. Mtundu umene uli kumeneko ndi lake sturgeon, umene akatswiri amautcha Acipenser fulvescens. Nsombayi ikakula sikhala ndi mano, ili ndi ndevu zinayi kutsogolo kwa kamwa zimene imafufuzira chakudya, ndipo kamwa yakeyo imatuluka ngati chubu n'kuyamwa mphutsi, nkhono, misundu ndi tinkhanu ta m'madzi. Mphutsi za Hexagenia zili m'gulu la zakudya zake ndithu. Komabe, tisanafike pa mantha, tiyenera kufunsa kuti nsomba ziwirizi zimakumana pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso zili zingati.

Trout imafuna madzi ozizira okhala ndi mpweya wambiri, ndipo madzi akatentha kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika, n'chifukwa chake malo abwino owedzera ndi nyambo zanthenga amakhala kumtunda kwa mitsinje, kumene akasupe amaziziritsa madzi. Sturgeon yaikulu, mbali inayo, imathera moyo wake wambiri m'nyanja kapena m'maiwe akuya a kumunsi kwa mitsinje ikuluikulu. Imakwera mtsinje m'nyengo ya masika, chisanu chikangotha, kukaikira mazira pamiyala ya pamadzi othamanga, ndipo ikamaliza imabwerera. Ana ake amakhala mumtsinje miyezi yoyambirira, makamaka pamchenga pamene madzi akuyenda pang'onopang'ono, kenako amatsikira kunyanja. Pa Manistee penipeni, damu la Tippy limatsekereza nsomba zochokera ku Lake Michigan, choncho sturgeon sifika n'komwe kumtunda kumene anthu ambiri amapita kukadikirira Hexagenia usiku.

Za kuchuluka kwake nazonso n'zofunika kuziganizira. Njira imene imagwiritsidwa ntchito pa Manistee ndi yolera ana a sturgeon m'kanyumba ka m'mbali mwa mtsinje, m'madzi a mtsinje womwewo, kuti fungo la madziwo liwalowerere ndipo adzabwerere komweko akadzakula. Ana amene amatulutsidwa mwanjira imeneyi amawerengedwa m'mazana pa chaka, ali aatali ngati chikhatho cha munthu, pamene trout ndi salmon zimene boma la Michigan limathira m'madzi ake chaka chilichonse zimawerengedwa m'mamiliyoni. Onjezerani pamenepo kuti sturgeon yaikazi imatenga zaka 20 kapena kuposerapo isanaikire mazira koyamba, ndipo ikayamba siikira chaka chilichonse koma imadumpha zaka zingapo. Nsomba yoswana mwaulesi chonchi singadzaze mtsinje mwadzidzidzi. Ambiri a ife tidzakhala titapachika mbedza zathu, ana amene akuthiridwa lerowa asanakhale ndi zidzukulu.

Pa nkhani ya mazira, trout yaikazi imakumba kadzenje m'timiyala ndi mchira wake, kuikiramo mazira, n'kukwirira. Mazira amene amadyedwa ndi nsomba zina kawirikawiri ndi amene akokoloka ndi madzi asanakwiririke, ndipo amenewo sakanaswa ngakhale akanasiyidwa. Komanso brown trout ndi brook trout zimaswana m'nyengo ya chilimwe itatha, cha m'ma October ndi November, nthawi imene sturgeon zazikulu zinachoka kale pamiyala. Kunena zoona, amene ali pangozi kwambiri ndi mazira a sturgeon, chifukwa iyo sikwirira koma imangowamwaza kuti amatirire pamiyala, pamene tinkhanu ndi nsomba zina zimawatola mosavuta, ndipo tiana take tikamayandama usiku titangoswedwa kumene timakhala chakudya cha nsomba iliyonse imene yatsegula kamwa.

Wakuchigwa analemba kuti:

Ndikugwirizana ndi a Mlondamadzi pa za chakudya ndi mazira, koma sindikufuna kuti a Wanthenga achoke pano akuganiza kuti ntchito yobwezeretsa sturgeon sikhudza msodzi wa trout konse. Imamukhudza, kungoti sipodzera m'kamwa mwa nsombayo ayi, koma podzera m'zimene anthu amachita ndi mtsinje pofuna kuithandiza. Chitsanzo chomveka bwino chili pamtsinje wa Kootenai, umene umadutsa ku British Columbia, Montana ndi Idaho.

Damu la Libby ku Montana litamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, madzi osefukira a m'masika anatha, ndipo white sturgeon ya mumtsinjewo inangotsala pang'ono kulekeratu kubereka ana opulumuka. Mu 1994 boma la United States linaiika m'kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi yotheratu, ndipo a Kootenai Tribe of Idaho ndi amene akhala akuisunga poswetsa mazira ndi kuthira ana mumtsinje. Nthawi yomweyo, damu lomwelo linapanga malo otchuka owedzera rainbow trout kumunsi kwake, chifukwa madzi otuluka m'damu amakhala ozizira chaka chonse. Rainbow trout yaikulu kuposa zonse zolembedwa ku Montana, yolemera makilogalamu pafupifupi 15, inagwidwa kumeneko mu 1997.

Tsono taonani mmene zinthu ziwirizi zimakumanirana. Sturgeon zambiri zimakhala kumunsi kwa mathithi a Kootenai Falls mpaka ku Kootenay Lake, ndipo zimaswanira cha ku Bonners Ferry, kutali ndi kumene asodzi a nyambo zanthenga amaponya zingwe zawo. Koma pofuna kuzikopa kuti zikwere n'kukaikira mazira pamiyala m'malo mwa pamchenga, oyendetsa damu amatulutsa madzi ochuluka kumapeto kwa masika, cha m'ma May ndi June, ndipo madzi amenewo amayamba adutsa pamalo a trout. Kwa masabata amenewo mtsinje umakwera, malo oima ndi miyendo amamira, ndipo munthu wopanda bwato amangoyang'ana ali kumtunda. Msodzi wa kumeneko akhoza kuwedza moyo wake wonse osaonapo sturgeon ndi maso, koma kalendala yake ya usodzi imakonzedwa ndi zofuna za nsomba imeneyo. Ine ndikuona kuti mtengo umenewu ndi woyenera kulipira, makamaka popeza madzi amphamvu amatsukanso matope pa timiyala timene trout imafuna, koma ndi mtengo ndithu, ndipo kuubisa sikuthandiza aliyense.

Ndiwonjezere kuti white sturgeon ndi yosiyana ndi ya ku Michigan. Imakula kwambiri, ndipo ikakula imadya nsomba zinzake. Choncho zimene zanenedwa za lake sturgeon tisazitengere mtundu uliwonse.

Nsangalabwi analemba kuti:

Pali mbali ya mbiri imene ife okonda trout sitikonda kuikumbukira. Brown trout imene timaidikirira usiku wa Hexagenia si mbadwa ya ku America. Mazira ake anachokera ku Germany, ndipo inathiridwa koyamba mu 1884 mumtsinje wa Baldwin, umene umathira mu Pere Marquette ku Michigan komweko. Rainbow trout nayo inatengedwa kumadzulo, kumitsinje yothira mu Pacific. Sturgeon ndiye mwini mudzi, ndipo inkakhala pamodzi ndi Hexagenia kwa zaka masauzande, ili yochuluka kwambiri kuposa lero, popanda kutha tizilomboto. M'zaka za m'ma 1800 asodzi a makoka ankaiona ngati chosokoneza chong'amba maukonde ndipo ankaiunjika m'mphepete mwa nyanja, kenako mazira ndi nyama yake zitapeza msika anaigwira mopanda chifundo, madamu n'kudzatseka njira zake zokaswanira, mpaka inatsala yochepera imodzi pa 100 iliyonse ya zimene zinalipo. Kumene Hexagenia inazimiririka, monga kumadzulo kwa Lake Erie m'zaka za m'ma 1950, chinaipha chinali kuipa kwa madzi ndi kusowa kwa mpweya pansi pa nyanja, osati nsomba.

Komabe ndikufuna kutsindika zimene a Wakuchigwa ayamba, chifukwa ku Michigan nkhani yaikulu ndi madamu. Kuthira ana a sturgeon kulibe phindu lokhalitsa ngati akadzakula sadzapeza njira yopitira kumiyala yoswanira, ndiye posakhalitsa pamabwera pempho lochotsa damu kapena kutsegula njira ya nsomba. Kuchotsa damu nthawi zambiri kumakomera trout, popeza dziwe la damu limatenthetsa madzi ndi kusunga matope. Pamtsinje wa Boardman, umene umathira m'nyanja ku Traverse City, madamu atatu anachotsedwa pakati pa 2012 ndi 2018, ndipo mtsinjewo unabwerera m'ngalande yake yakale. Vuto lili pa damu lomaliza la kumunsi, la Union Street, chifukwa khomo limene lingalowetse sturgeon lingalowetsenso steelhead (rainbow trout yokulira m'nyanja) ndi salmon, zimene zingapikisane ndi brook trout ya kumtunda, komanso sea lamprey, nsomba yoyamwa magazi imene inathandiza kugwetsa lake trout m'nyanja zikuluzikulu za Great Lakes cha m'ma 1940 ndi 1950. N'chifukwa chake pamalo a damu la Union Street pali ntchito ya FishPass, yotsogoleredwa ndi Great Lakes Fishery Commission, yofuna kupeza njira yosankha nsomba zoyenera kudutsa ndi kubweza zosafunika. Lamprey ikalowa mumtsinje pamafunika kuthira mankhwala a TFM kuti aphe mphutsi zake, ndipo mankhwalawo amatha kuphanso ana aang'ono kwambiri a sturgeon, kotero kuti ngakhale okonda sturgeon safuna khomo lotseguka mwachisawawa.

Ngati muli ndi nthawi yopita kumisonkhano imene boma limamva maganizo a anthu, a Wanthenga, mafunso anu akhale pamenepo: ndi nsomba ziti zidzaloledwa kudutsa, ndani adzasankha, ndipo adzayeza bwanji zotsatira zake pa trout ya kumtunda.

Wanthenga analemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndavomereza kuti ndinaika mantha anga pamalo olakwika, ngakhale kuti mfundo ya a Nsangalabwi yoti trout yanga ndi mlendo yandilasa pang'ono. Ndatsala ndi funso limodzi laling'ono. M'masika ndimawedzanso steelhead kumunsi kwa damu la Tippy, ndipo kumeneko nyambo zathu zimayenda pansi penipeni pa madzi, zina zofanana ndi mazira, zina zofanana ndi mphutsi. Kodi sturgeon itakodwa pambedza yanga ndiyenera kuchita chiyani?

Mlondamadzi analemba kuti:

Zimenezo zikhoza kuchitika, chifukwa malo ndi nyengo imeneyo ndi pamene nsomba ziwirizi zimayandikana kwambiri, ndipo nthawi zina mbedza imangokola chipsepse kapena msana wa sturgeon imene yagona pansi. Ku Michigan kutenga sturgeon kumaloledwa m'madzi owerengeka okha ndiponso m'nyengo zoikika, monga pa Black Lake m'mwezi wa February, pamene chiwerengero chololedwa sichifika nsomba khumi ndipo nyengoyo nthawi zambiri imatha tsiku lomwe yatsegulidwa. Pa Manistee muyenera kuibweza nthawi yomweyo.

Ngati ndi yaing'ono, ikokereni pafupi msanga, muisiye m'madzi, muchotse mbedza, ndipo musamale manja anu chifukwa mamba olimba a m'mizere isanu ya pathupi pake amakhala akuthwa kwambiri pa nsomba zazing'ono. Musaigwire m'makha kapena kuinyamula choimiritsa. Ngati ndi yaikulu, ndodo yanu ya steelhead singaigonjetse popanda kuitopetsa kwa nthawi yaitali, ndipo nsomba imene yabwera kudzaikira mazira itadikira zaka zambiri siyenera kuthera mphamvu zake pa chingwe chanu. Lozetsani ndodo kumene kuli nsombayo, gwirani chingwe mwamphamvu, kuti ulusi wopyapyala wa kumapeto uduke pafupi ndi nyambo. Mukapinda kamnga ka mbedza musanayambe kuwedza, mbedza yotsalayo imachoka mosavuta. Ikakhala ndi kachizindikiro ka nambala ndipo mwatha kuwerenga osaitulutsa m'madzi, lembani nambalayo pamodzi ndi tsiku ndi malo, n'kudziwitsa nthambi ya boma yoona za nsomba, chifukwa umu ndi mmene amadziwira kumene nsombazi zikuyenda ndi mmene zikukulira.