Edelweiss akuwola m'dimba la miyala ku Leeds

Wa ku Leeds: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Panyumba ina kuno ku Leeds, ku England, pomwe ndimasamala maluwa pali dimba la miyala, ndipo mayi a panyumbapo anabzalitsamo maluwa a kumapiri otchedwa edelweiss. Chaka chatha maluwa anatuluka obiriwira, osati oyera monga ankafunira. Pano February sanathe, ena awola kale patsinde. Dothi ndi lamakande, ndipo amene ankagwira ntchito ndisanabwere anathiramo manyowa ambiri. Mayiwo akundiyang'ana ine.

Wa ku Luton: Si chisanu chimenecho achimwene? Afunditseni udzu.

Mayi a ku nazale: Ayi, udzu musayerekeze, muwamaliziratu. Duwa limeneli kwawo ndi kumapiri a Alps ku Ulaya, pamtunda wa mamita 1,800 mpaka 3,000, m'ming'alu ya miyala ya laimu. Kuzizira kwa ku Leeds sikungaliopse. Kumapiriko nthawi yozizira limakhala pansi pa chipale chofewa, ndipo madzi amakhala ataundana. Kuno mvula imagwa miyezi yonse yozizira, makande n'kusunga madziwo pamizu. Chawoletsa ndi chimenecho.

Wa ku Leeds: Nanga kubiriwirako mayi?

Mayi a ku nazale: Manyowa ndi mthunzi. Choyera chija ndi ubweya wa timasamba tozungulira duwa, duwa lenilenilo ndi timitu tachikasu tapakati. Ubweyawo umaliteteza ku dzuwa loopsa la kumapiri. Mukalidyetsa bwino n'kulibisa kumthunzi, ubweya umachepa.

Wa ku Glasgow: Mayi anena zoona. Ife tinazolowera chimanga, chilichonse tikufuna tichithire feteleza! Otsalawo muwazule mu March kapena April. Pokonza malo, theka likhale timiyala ting'onoting'ono, theka dothi lopanda manyowa, ndipo pakhale pokwera, padzuwa. Kuzungulira tsinde muyale timiyala tokhatokha kuti masamba asakhudze dothi. Mchenga wa omanga nyumba ayi, umagwirana.

Wa ku Luton: Galasi lija ena amaika pamwamba limathandiza?

Wa ku Glasgow: Kwambiri, kuyambira November. Mulikhazike pa njerwa kuti mvula isagwerepo koma mphepo izidutsa m'mbali.

Mayi a ku nazale: Muwauziretu mayiwo kuti edelweiss sakhalitsa zaka zambiri kumalo otsika ngakhale mutamusamala chotani. Muzigawa mapando ake zaka zingapo zilizonse. Ngati akungofuna zoyera pamiyalapo popanda mavuto, maluwa ena oyera otchedwa Iberis sempervirens amapirira mvula ya kuno.

Wa ku Leeds: Zikomo nonse. Iberis ndiwatchulira, koma mtima wawo uli pa edelweiss. Loweruka ndikayamba ndi kufukula makandewo.