Thandizeni maganizo pa ulendo wa ku Monkey Bay ndi ku paki ya ku Cape Maclear

Membala Wosadziwika: Moni nonse a pagulu pano. Adimini chonde mundibisire dzina chifukwa alamu anga ali momuno. Nkhani ndi iyi, mwana wanga wamkulu ndinamulonjeza kalekale kuti akadzakhoza mayeso tidzapita kunyanja banja lonse, ndiye wakhozadi, pano mtima suli m'malo. Tasankha ku Monkey Bay poti ndinamva kuti pafupi pomwepo pali paki ya boma. Ineyo chibadwire nyanja ndinangoionera pawindo la basi. Bambo a kunyumba poyamba ankati zonse asamala okha, lero atembenuka akuti unalonjeza ndi iwe uona wekha, ndipo ndalama zomwe ndinagawana ku banki mkhonde theka ndinabwereka alamu anga omwewo kuti akonzetse galimoto, mpaka lero kuli zii koma pa status akungoika zithunzi za kumaukwati atavala zatsopano. Apongozi nawo amva, akuti adzukulu awo sangapite kumadzi iwo kulibe, chonsecho miyendo imawavuta, ngakhale kutchalitchi timachita kuwagwira. Kuntchito nako holide anandisainira mochedwa pamene anzanga anawapatsa kale. Kamng'onoka tsiku lililonse kakungoimba za njovu ndi mikango yomwe kakaone kumeneko. Ndiye ndithandizeni, tikaone chani, tiyambire kuti, mupakimo amalowa bwanji, nanga ana sangavulale? Tulo sindikupeza abale.

Nachisale: Mukupita liti mayi, ndipo mukakhala masiku angati? Nkhani yonse yagona pamenepo.

Aphunzitsi Opuma: Choyamba kamwanako mukauze zoona lero lomwe. Ku Cape Maclear KULIBE mikango, njovu musayembekezerenso. Vuto lathu a Malawi tikangomva kuti paki maganizo amathamangira ku nyama za miyendo inayi basi. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 chifukwa cha NSOMBA, timbuna tija ta mawangamawanga tokhala m'miyala, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Mitundu yambiri ya mbuna simungaipeze kwina kulikonse, ili m'nyanja yathu yokhayi. Anthu amakwera ndege kuchokera kutali kudzaona zimenezi, eni akefe tikufunsa mikango. Zimandipweteka kwambiri, ndaphunzitsa zimenezi zaka zambiri koma ngati ndinkalankhula ndi khoma.

Make Tadala: Ine zandikhudza ndi za alamu anuwo. Ndinabwerekapo mchemwali wa amuna anga ndalama ya fizi ya mwana, chaka chachitatu chino, ndikakumbutsa akuti ndikugawanitsa banja. Asisi ndalama imeneyo ingoiwalani, mudwala nayo BP.

Mjomba Wanu: Alamu ngati mukuwerenga kwezani dzanja, ana apite kunyanja awa kkkkk

Obanda: Mayi musavutike, ngati mwana akufuna njovu pitani ku Liwonde basi. Kumene kuja chitengereni a bungwe losamalira nyama la African Parks mu 2015 zinasintha, anabweretsa akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, njovu ndiye mbwee, mvuu ndi ng'ona mumaziona muli pa boti mu Shire. Apongozi anuwo angokhala m'galimoto osayenda ndi phazi limodzi lomwe. Ku Cape Maclear mukawakweza miyala agogo?

Aphunzitsi Opuma: A Banda, mayiwa afunsa za Monkey Bay, inu mukuwatengera ku Machinga bwanji? Mwana analonjezedwa NYANJA. Shire ndi mtsinje, kapena zimenezinso tiyambe kuphunzitsana?

Obanda: Aphunzitsi ine ndayankha za mwana amene akulira njovu, inu mukuyankha za silabasi. Komanso akuchokera kuti simukudziwa, mwina Liwonde ali pa njira yawo.

Nachisale: Ndi zomwe ndafunsa ine zija, sanayankhe.

Wa ku Doko: Ine ndinagwirapo ntchito mbali imeneyo ndiye ndingokuuzani za njira. Musanalowe m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano yolowera ku Cape Maclear, kuchoka pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 kudutsa m'mapiri, msewu wake ndi wokhotakhota ndiye woyendetsa asathamange. Munjira momwemo muli Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere ngati anachitema mphini, imani ana ajambulitse. Mukafika pamudzi wa Chembe geti ya paki ili chakumapeto kwa gombe mbali ya ku Otter Point. Tengani chitupa cha unzika chifukwa mtengo wa a Malawi ndi wa alendo akunja ndi wosiyana, ndipo lisiti musataye, mukakwera boti kupita kuzilumba mutha kufunsidwa.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo mukalowa pageti musathamangire kumadzi ngati abakha. Pitani kaye kumanda a amishoni. Ndi anthu angati muno akudziwa kuti Livingstonia Mission inayambira pa Cape Maclear mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gulumo? Malungo anawasautsa, ena anamwalira nkuikidwa pompo, ndiye mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 anakwera ku Khondowe komwe kuli Livingstonia lero. Dzina loti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Mwana amene wakhoza mayesoyo akaime pamandapo awerenge yekha zolembedwazo, chimenecho ndiye chidzamukhalira. Palinso mlambe waukulu ndi kanyumba kosungiramo zinthu zophunzitsira za nyanja. Koma ayi, anthu amangopita ndi sipika nkumasokosa pagombe tsiku lonse kenako nkusiya mabotolo.

Nangozo: Ine ndingoti samalani ndi maboti. Tinapita mu July ndi anzanga a kwaya, mnyamata wina pagombe anatinyengerera kuti atitsitsira mtengo, tinakwera anthu ambiri kuposa mipando, ma laifi jaketi anali atatu okha. Popita ku chilumba cha Thumbi kunali bata, pobwerera mwera unauka, mafunde akulowa m'boti, injini nkuzima kawiri, amayi akulu akulu kulira ngati ana, ine ndinalapa machimo onse tsiku limenelo. Mpaka lero ndikaona boti m'mimba mumatentha. Osakwera aliyense asanavale jaketi, ndipo muziyese pamtunda, za ana zikhale za saizi yawo.

Wa ku Doko: Zoona zimenezo, mwera umavuta kwambiri miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August. Nchifukwa chake a Nachisale akufunsa za tsiku. Boti ndi bwino kukwera mmawa, ndipo mupeze kudzera pamalo pomwe mwagona kuti pakavuta mudziwe kofunsa. Mtengo mugwirizane musanakwere, munenenso kuti magalasi oonera pansi pa madzi ali momwemo kapena ayi.

Mjomba Wanu: A Nangozo kwaya yonse m'boti munalephera kuyimba kuti namondwe aleke? kkkk pepani

Nangozo: Achimwene zinthu zina si zoseka, tikanafera pamenepo.

Anamwino Athu: Palibe amene wanena za likodzo. Kugombe la pamudzi, makamaka malo osaya pomwe pali udzu ndi nkhono komanso pomwe anthu amachapa, likodzo liliko ndithu. Sindikuti ana asasambe, koma kumiyala ya kuzilumba kuli bwinoko kusiyana ndi pamudzi, ndipo mukabwerako pakadutsa masabata angapo pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja, akuyezani kapena akupatsani mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel molingana ndi thupi la munthu. Osamwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi, sagwira bwino tizilombo tisanakhwime. Neti ya udzudzu muonetsetse kuti ilipo pomwe mukagone, apongoziwo mankhwala awo a masiku onse asaiwale.

Bambo Mapasa: Aaa anamwino musaopseze anthu, ife takulira m'madzi omwewo tili bwinobwino.

Anamwino Athu: Bambo, ana okodza magazi timawaona ife kuchipatala, inu simuwaona.

Aphunzitsi Opuma: Anamwino akunena zoona, a Mapasa khalani chete muphunzire. Ndiwonjezere, ngati mudzere ku Mangochi boma MUSADUTSE osaima. Kale ankati Fort Johnston. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ya chikumbutso cha Mfumukazi Victoria, pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen yomwe inathira nkhondo sitima ya ma German panyanja pano mu 1914, palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Lake Malawi Museum ili pomwepo. Zonsezi apongozi atha kuona osakwera phiri. Ana a masiku ano amadziwa mayina a osewera mpira a ku England koma Viphya sakuidziwa, ndiye tikuti tikupita kuti ngati dziko?

Make Tadala: Koma nkhani ya apongozi mwaiganizira bwino asisi? Ine ndinatenga anga pa ulendo wina, kuyambira ponyamuka mpaka pobwera kunali kudandaula, chipinda chatentha, madzi akununkha, ana mwawalekerera. Ndinabwerako nditatopa kuposa mmene ndinapitira.

Nachisale: Make Tadala apongozi a anzanu si anu. Mwina awa ndi abwino, akawathandiza kuyang'anira ana pagombe.

Mlongo Wanu wa Zithunzi: Nyama zilipo ndithu zoti kamwanako kakasangalale, anyani ali mbwee ku Otter Point, ang'azi amaothera dzuwa pamiyala, mwamwayi mutha kuona katumbu. Koma chimene ana amakuwa nacho ndi nkhwazi, a boti amaimba mluzu nkuponya nsomba m'madzi, iyo nkutsika kuchoka mumtengo kudzaiwakha pafupi ndi inu pomwepo, mwana wanga mpaka lero amakamba. Chenjezo ndi anyaniwo, ine anandilanda jumbo m'manja momwemo munali makiyi a galimoto, tinasaka m'tchire maola awiri. Zakudya zikhale m'galimoto magalasi otseka.

Membala Wosadziwika: Zikomo nonse, ndawerenga. Make Tadala mwandigwira mtima, alamu ajatu usiku uno alemba pa gulu la banja kuti nawonso akufuna apite nawo ndi ana awo awiri poti galimoto ndi yawo, tangoganizani, ngongole osabweza. Bambo a kunyumba angoti zili bwino osandifunsa. Apongozi si ovuta ayi, miyendo yokhayo. Za mikango ndamuuza mwana walira mpaka kugona osadya. Tsopano ndasokonezeka, Liwonde kapena Cape Maclear?

Obanda: Mwaona aphunzitsi? Mwana walira. Liwonde mayi.

Aphunzitsi Opuma: Alire lero, akadzaona nkhwazi ikuwakha nsomba adzaiwala. Mwana salamula ulendo. Ndipo ku Monkey Bay mukamuonetse Ilala ikakhala padoko, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, inapangidwa ku Scotland nkubwera zidutswazidutswa kudzalumikizidwa konkuno. Pomwepo palinso sitima ya Chauncy Maples, yakale kuposa Ilala. Njovu ziliko ku maiko ambiri, Ilala ili kuno kokha.

Wa ku Doko: Ilala nthawi zambiri imanyamuka Lachisanu mmawa kupita kumpoto nkubwerako pakati pa sabata inayo, ndiye mukafika Loweruka simuipeza. Komanso padoko si pongolowa, mupemphe kaye kwa alonda, osangoyamba kujambula poti pafupi pali asilikali apamadzi.

Bambo Mapasa: Galimoto ya alamu yomwe inakonzedwa ndi ndalama zanu, mafuta athire okha, ngongole ithere pamenepo.

Make Tadala: Ayi bambo, mafuta ndi mafuta, ngongole ndi ngongole, musawaphunzitse kuba.

Nangozo: Ngati ana akhale ochuluka chonchi ndiye boti limodzi ayi, muwagawe, ndipo wamkulu mmodzi atsale pamtunda ndi agogo.

Nachisale: Mayi ndafunsa kuyambira mmawa, mukupita mwezi wanji, masiku angati, mukunyamukira kuti? Ngati ndi masiku atatu zonse ziwiri zitheka, kugona ku Cape Maclear kenako pobwerera kudzera ku Mangochi mpaka ku Liwonde. Ngati ndi tsiku limodzi ndiye musankhe chimodzi. Tayankhani kaye pamenepa chonde.