Ndalama za chitsime: tikambirane tisanagawane masheya

Anaphiri (wapampando): Amayi ndi abambo a gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama, zotsatira za kuyezetsa madzi a pachitsime chathu zabwera. Muli tizilombo ta E. coli tochokera m'chimbudzi, ndipo mchere wina wotchedwa naitireti wadutsa malire a 50 mg pa lita amene linaika bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Kuyambira lero aliyense asamwe madziwo.

Bambo Mwale: Langa ndi funso limodzi. Tinagwirizana kuti wokumba afike mamita 12. Dzulo ndaponyamo chingwe chomangirira mwala, ndapeza mamita 6 basi. Koma ndalama zinatuluka zonse. Theka linalo lili kuti?

Nachisale (msungichuma): Bambo Mwale, musayankhule ngati ndinadya ine. Munthu uja anakumba mvula ili mkati, madzi anatuluka pa mamita 4, pofika pa 6 anali akumupitirira m'khosi. Anati sizingathekenso. Ndinamulipira pamaso pa osunga makiyi awiri.

Mlembi: M'buku ndinalemba kuti theka poyamba, theka akafika mamita 12. Inunso Anachisale munasainira.

Make Tadala: Ndiye abweze. Ine nditachedwa sabata imodzi yokha ndi ngongole munandilipitsa chindapusa, mwana ali m'chipatala. Lamulo likhale la tonse.

Agogo Zimba: Ana anga, ndiloleni ndiyankhuleko, poti ntchito ya zaumoyo ndinaigwira zaka zambiri. Anachisale analakwa kulipira, izo n'zoona. Koma musaganize kuti mamita 6 osowawo ndiwo okha atipweteka. Dothi louma limene lili pamwamba pa madzi apansi ndilo sefa wathu. Zonyansa zikamatsika pang'onopang'ono m'dothi lokhala ndi mpweya, tizilombo tambiri timakanirira momwemo n'kufa. N'chifukwa chake malangizo a Sphere, buku la mabungwe othandiza anthu pa ngozi, amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo pansi pa dzenje lake pakhale mamita 1.5 kapena kuposa kuchokera pamene madzi apansi amafika. Ndayesa ndekha: chimbudzi chili pa mamita 14 kuchokera pachitsime, dzenje lake n'lakuya mamita 3. Madzi akakwera kufika pa mamita 4, sefa yense watsala mita imodzi.

Bambo Mwale: Chimbudzi chake chiti, agogo?

Anaphiri: N'changa. Palibe chobisa. Tinavota kuti chitsime chikhale pakhomo panga kuti ndowa ndi chingwe zisabedwe. Manja anakwera 19, kuphatikizapo anu Bambo Mwale.

Make Tadala: Nanga tikamawiritsa kapena kuthira kolorini?

Agogo Zimba: Tizilombo tifa, koma naitireti safa, chifukwa si chamoyo. Amachokera mu mkodzo ndi chimbudzi, amasungunuka ngati mchere, ndipo dothi silimugwira. Mukawiritsa, madzi amathawa ngati nthunzi, iye n'kutsala wochuluka m'poto. Amene ndikuwadera nkhawa kwambiri ndi makanda osakwana miyezi 6 omwe amamwa mkaka wochita kusungunula. Magazi awo amalephera kunyamula mpweya, milomo n'kuyamba kubiriwira. Gulu lino lili ndi makanda atatu, ine tulo sindikugona nazo. 

Bambo Mwale: Ndiye kuti akanafika pa 12 bwenzi tili bwino. Nkhani yabwerera kwa msungichuma.

Agogo Zimba: Mwina, ngati akanadutsa dongo. Pansi pa dongo madzi amakhala opanda mpweya wa okosijeni, ndipo kumeneko mabakiteriya ena amatha kusandutsa naitireti kukhala mpweya wopanda vuto. Koma kuya kuli ndi zake. Madzi opanda okosijeni amasungunula chitsulo ndi manganizi (mtundu wina wa chitsulo), aja amadetsa zovala n'kumveka dzimbiri. Kwina miyala imatulutsa fuloraidi, amene akapitirira 1.5 mg pa lita amathimbiriritsa mano a ana. Ku Bangladesh anthu anathawa madzi a m'maiwe n'kubowola mijigo yambirimbiri, mu 1993 n'kupeza kuti madzi ake muli poizoni wa aseniki. Chinanso, wokumba uja sanamate simenti m'mbali mwa mamita apamwamba. Chitsime chosamata, ngakhale chikhale chakuya, madzi oipa a pamwamba amatsetsereka m'mbali mwake mpaka pansi. Ku London mu 1854 kolera inapha anthu oposa 600 ozungulira mpope wa Broad Street. Dokotala John Snow anauza akuluakulu kuti achotse chogwirira cha mpopewo, ndipo pambuyo pake zinapezeka kuti dzenje la zonyansa linali losakwana mita imodzi kuchokera pachitsime.

Nachisale: Ine ndavomera, ndinaphwanya zimene tinalemba. Ndinachita manyazi munthu atayima pakhomo ndi matope mpaka m'mutu. Koma theka lonse ndekha sindingakwanitse, ndipo osunga makiyi anatsegula bokosi ndi manja awo.

Nabanda (wosunga kiyi): Zoona, ndinatsegula osafunsa za m'buku. Gawo langa ndilipira.

Anaphiri: Chimbudzi ndichikwirira ndi kukumba china kumunsi ndi ndalama zanga, osati za thumba la ngozi.

Agogo Zimba: Chitani, koma zimene zinalowa kale pansi sizitha mwezi umodzi. Ine ndikuti chitsime chatsopano chikhale kumtunda, chikumbidwe chilimwe madzi atatsika, ndipo tiyezetse madzi tisanamwe.

Make Tadala: Ndi ndalama za ndani?

Mlembi: Ndalemba motere kuti tidzavote Lachinayi. Theka lija libwezedwe ndi anthu atatu: Anachisale magawo awiri, osunga makiyi gawo limodzi aliyense, podula pa masheya awo tsiku logawana. Wokumba timuitane, akabweza kapena kukumba china popanda malipiro, atatuwa adzalandira zawo.

Bambo Mwale: Nanga chiwongoladzanja cha miyezi 7 imene ndalamazo sizinazungulire?

Anaphiri: Bwerani nayo Lachinayi imeneyo. Make Tadala, chonde dutsani kwa amayi a makanda aja madzulo ano, awiri mwa iwo alibe foni.