Mivi ya transform fault ikusokoneza ana, tithandizane

Aphunzitsi a ku Luchenza: Akuluakulu a jogalafe, ana a Fomu 3 akujambula chozondoka mivi yoonetsa kayendedwe ka nthaka pa transform fault, mng'alu umene mbali zake ziwiri zimadutsana mosemphana. Akaona mtandadza wa mapiri a pansi pa nyanja (mid-ocean ridge) utadukaduka, akuganiza kuti fault ndiyo inaudula n'kukankha zidutswazo. Chojambula pa bolodi sichikuthandiza.

Madamu a ku Bvumbwe: Si ana okha, akatswiri nawo ankaganiza choncho mpaka Tuzo Wilson atalongosola mu 1965, Lynn Sykes n'kutsimikiza ndi zivomerezi mu 1967. Tengani katoni, mubooleko ming'alu iwiri yoimirira ya masentimita 10, wa kumtunda ukhale kumanzere, wa kumunsi kumanja, motalikirana masentimita 8. Ming'aluyi ikuimira zidutswa ziwiri za mtandadzawo. Mu mng'alu uliwonse mutulutse mapepala awiri kuchokera pansi, lina lipite kumanzere, lina kumanja. Ana awiri akoke mofanana. Pakati pa ming'aluyo mapepala amadutsana mosemphana: pamenepo ndiye pa transform fault, ndipo mpamene pamachitika zivomerezi. Kunja kwake amayendera limodzi, n'chifukwa chake fracture zone, mzere wopitirira kunja kwa ming'aluyo, imangokhala chipsera chopanda phokoso. Ming'aluyo payokha siisuntha, awuzeni ayiyang'anitsitse.

Aphunzitsi a ku Luchenza: Zamveka madamu. Nanga chigwa cha pakati pa mtandadzawo?

Aphunzitsi a ku Chitakale: Icho chimafuna mchenga. Ikani makatoni awiri osanjikizana pang'ono m'bokosi lokhala ndi galasi mbali imodzi. Thirani mchenga wosefa kufika masentimita 5, mukuwaza phulusa pa sentimita iliyonse kuti mizere ioneke. Kokani katoni imodzi pang'onopang'ono, sentimita imodzi n'kuima. Pakati pamatitimira, mizere ya phulusa n'kuduka motsetsereka pafupifupi madigiri 60. Amenewo ndiwo ma normal fault. Mchenga ukhale wouma ndithu. Wonyowa umamatana, umangong'ambika choimirira osatitimira, ndiye m'nyengo ya chiperoni muziuyanika kaye. Mukakoka mwachangu zonse zimagumuka, palibe choona.

Madamu a ku Bvumbwe: Onjezani kuti chigwa chakuya chimapezeka pomwe nthaka ikutanuka mochedwa, monga Mid-Atlantic Ridge, mtandadza wa pansi pa nyanja ya Atlantic, masentimita 2 mpaka 5 pachaka. Ku East Pacific Rise, mtandadza wa pansi pa nyanja ya Pacific, liwiro limafika masentimita 15, chiphalaphala n'chambiri ndipo chimadzaza mpatawo, chigwa chotere palibe.

Aphunzitsi a ku Thekerani: Chitsanzo cha normal fault tili nacho pakhomo. Mukamatsika kuno kupita ku Muona, phompho limenelo ndi Thyolo Fault, chigwa cha Shire ndiyo mbali yotitimira. Koma chenjerani, musawauze kuti ndi mid-ocean ridge. Kuno ikung'ambika ndi nthaka ya kumtunda, mamilimita ochepa chabe pachaka. Phiri la Mulanje nalo lisalowe m'nkhaniyi, chiphalaphala chake chinaumira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, kukokoloka kwa miyala yozungulira n'komwe kunalionetsa.

Aphunzitsi a ku Luchenza: Zikomo nonse. Lolemba ndiyamba ndi mapepala, mchenga ndauyanika kale.