Mmene maphunziro a zojambula ndi zoumba a ana patchuthi anayendera

Zikomo kwambiri nonse amene munayankha funso langa lija la mmene wojambula mmodzi angaphunzitsire ana a misinkhu yosiyana patchuthi popanda chipwirikiti.

Tinatsatira malangizo oti tiwagawe. A zaka 5 mpaka 7 ankaphunzira paokha kwa mphindi 45 basi, a zaka 8 mpaka 12 ola limodzi ndi theka, ndi kupuma pakati. Zinathandizadi. Pa utoto tinamvera amene anati tigule wosungunuka m'madzi, mitundu inayi yokha: wofiira, wachikasu, wabuluu ndi woyera. Wobiriwira ana ankasakaniza okha, ndipo apa ndi pomwe anaphunzira kwambiri. Wa acrylic, womwe ukauma umakhala ngati pulasitiki, tinausiya, chifukwa ukaumira pa malaya kapena pa burashi kuchoka kwake nkovuta.

Dongo ndi lomwe linavuta. Zoumba zoyamba zinang'aluka, miyendo ya tinyama nkuthothoka. Dongo likamauma limanyala, ndiye mbali yopyapyala ikauma msanga pamene yonenepa idakali yonyowa, mng'alu umabwera pamalire pomwepo. Choncho choumba chisanenepe kuposa chala. Chikakhala chachikulu, kumbani mkati. Polumikiza mwendo, kandani mbali zonse ziwiri ndi foloko, pakanipo dongo lamadzimadzi, kenako kanikizani nkusalaza. Poumitsa zoumbazo, ziphimbeni ndi pulasitiki mosamanga, pamthunzi. Padzuwa ayi, ngakhale ana atakakamira chotani.

Kuumba kuchitike tsiku loyamba kuti pofika lomaliza zikhale zouma, zopenteka. Dzina la mwana lembani kunsi ndi kamtengo dongo lisanaume, apo ayi tsiku lotenga zinthu kumakhala kulimbirana.