Kodi munda wa khofi ungasungidwe ngati mmene asungira Cape Maclear?

MwanaWaKuNamwera:
Abale ndithandizeni nzeru. Ine ntchito yanga ndimaperekeza alendo kunyanja koma kwathu ndi kumtunda ku Namwera. Sabata yatha ndinali ndi mlendo wa ku Colombia pa boti tikupita ku chilumba cha Thumbi kukaponyera nkhwazi nsomba, ndiye akutithirira khofi wa mu fulasiki anandiuza kuti kwawo minda ya khofi inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2011, chimodzimodzi paki yathuyi ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear yomwe inalowa mu 1984. Ine ndinadabwa kwambiri, munda?? Ndinkaganiza kuti iwowa amasunga mbuna ndi zojambula za pamiyala ngati za ku Chongoni basi. Nanga malo oti anthu akulimamo tsiku ndi tsiku mungawasunge bwanji? Ndipo kwathu kuja ku Ngapani khofi alipo, ife sizingatheke?

AphunzitsiPaBoma:
Achimwene mlendoyo sananame. Malowo ali m'zigawo za Caldas, Quindío, Risaralda ndi Valle del Cauca, madera 6 a minda pamodzi ndi matauni 18. Koma mumvetse kuti chomwe akusunga si mtengo wa khofiwo wokha ayi, ndi moyo wonse wozungulira khofiyo. Timinda tating'onoting'ono ta mabanja totsetsereka kwambiri moti thirakitala singakwere, kuthyola ndi manja kusankha zofiira zokha, nyumba zawo za nsungwi zomata ndi dothi zomwe amati bahareque, ngakhale magalimoto akalekale a Willys omwe amanyamula matumba kumapiriko. Ndiye ukafuna kugumula nyumba yakale m'tauni yoteroyo kapena kutsegula mgodi pakati pa mindayo sungangodzuka nkuyamba, pali malamulo. Chinawathandiza nchoti bungwe la alimi awo linakhazikitsidwa kale mu 1927 ndiye boma likamakonza mapulani alimi amakhala ali pomwepo ndi mawu awo. Komabe mavuto alipo, mitengo ikagwa ena amazula khofi nkubzala mapeyala ogulitsa kunja, achinyamata nawonso akuthawira m'tauni. Khofi akachoka pamundapo basi palibenso chomwe mukusunga.

MayiWaKuChembe:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma ndilankhuleko ine amene ndimakhala mkati mwenimweni mwa malo a UNESCO. Dzinalo ndi lokoma mukamaliwerenga pa chikwangwani, kukhalamo ndi nkhani ina. Ife nkhuni timatola m'phiri ndi chilolezo, zouma zokha, ndipo abambo saloledwa kuponya ukonde pafupi ndi zilumba. Sindikukana, zikanapanda kutero mbuna zija bwenzi zitatha ndipo alendo anu achimwene sakanabwera, ana anganso amadya za alendo omwewo. Chomwe chimandiwawa ndi choti mayi anga anakalamba akusenza nkhuni kutsika phiri lija mpaka khosi linawauma koma palibe tsiku ndi limodzi lomwe munthu anawakhazika pansi kuwafunsa maganizo awo pa malamulowa. Ndiye mukafuna zimenezi ku Namwera yambani mwafunsa kuti amayi othyola khofi aja azipeza chani, osati mawa adzangouzidwa kuti apa musadule, apa musamange.

MsukwaWaKuMonkeyBay:
Ine ndimagwira ntchito kuno koma kwathu ndi ku Misuku ku Chitipa, ndipo ndinene mosabisa kuti ngati pa Malawi pano pali malo ofanana ndi zomwe aphunzitsi afotokozazo ndi kwathu. Khofi ndi wa mabanja, amalimidwa m'mbali mwa mapiri pansi pa nthochi ndi mitengo ya mthunzi, ndipo alimi ali mu bungwe lawo la Mzuzu Coffee limodzi ndi anzawo a ku Phoka ndi ku Viphya. Agogo anga nyengo yothyola ankadzuka kukadali nkhungu, dengu kumutu kuthamangira kumakina osendera khofi asanayambe kusasa, fizi yanga ya ku sekondale inachokera mmenemo. Ku Ngapani ndi esiteti achimwene, anthu amapitako ngati aganyu, munda si wawo. Chikhalidwe chake nchosiyana. Mbiri yokha ilipo yokwanira, khofi anafika ndi amishoni ku Blantyre cha m'ma 1878, komanso onani ku Ethiopia dera la Gedeo linalowa mu 2023 chifukwa cha mmene amalimira khofi m'nkhalango zawo, ndi Africa yomweyi. Koma msewu wa kwathu nthawi ya mvula eish, mlendo angafike bwanji.

MwanaWaKuNamwera:
Zikomo nonse. Mayi a ku Chembe mwandikhudza chifukwa azakhali anga anathyola khofi zaka zambiri pa esiteti ina kumtunda kuja, manja anachita kukhakhala ngati khungwa, koma khofi weniweniyo sanamumwepo, kwathu ndi tiyi basi. Loweruka ndikupita kumudzi ndikawajambule pa foni andifotokozere mmene ankasankhira zakupsa ndi nyimbo zomwe ankaimba m'mizere muja, asanaiwale. A Msukwa nditumizireni ku inbox njira yabwino yokwerera ku Misuku kuchokera ku Karonga, ndikufuna ndikaone ndekha mvula isanayambe.